Batani Lobwerera M'mbuyo ndi Telala wa pa Benga

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha. Agogo anu anakuuzani kale zambiri, zina zoona, zina zongowonjezera, ndipo sindikufuna kutsutsana ndi munthu amene anagona kale. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito, chifukwa m'pamene ndinadziwa kuti ndine munthu wotani. Inu mumandiseka ndikagwira foni ndi manja awiri, koma mudziwe kuti amayi anuwa anali m'gulu la anthu oyamba kukhudza intaneti pa boma la Nkhotakota, inu mukadali kusewera fulaye m'fumbi.

Zaka za chipani chimodzi, ku Dwangwa

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata mu ofesi ina yaing'ono kufupi ndi minda ya nzimbe. Ndinali mtsikana wonyadira satifiketi yanga, ndipo makina anga anali achitsulo, olemera moti powasuntha ankachita kuthandizana amuna awiri. Zinthu zinkasowa. Riboni ikauma tinkaitembenuza, ikaumanso tinkaidonthezera timafuta ta makina osokera kuti itiperekeze mpaka kutha kwa mwezi. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka ukalikweza unkaona mnzako kuseri kwake. Koma sitinkadandaula, mwina chifukwa kudandaula nakonso kunali ndi mtengo wake masiku amenewo.

Bwana wanga woyamba anali bambo wina wa kumpoto, wosaseka wamba, koma wa mtima wabwino. Tsiku langa lachiwiri anandipeza ndikuwerenga kalata imene ndinkatayipa, milomo ikuyenda. Anatseka chitseko n'kundiuza chapansipansi kuti, “Nabanda, ngati ukufuna kukalamba pa ntchito imeneyi, zala zizigwira ntchito, mutu uzipuma. Chimene sunasunge m'mutu palibe angakufunse.” Ndinamvera, ndipo ndinamvera mopitirira. Patapita zaka ndinafika poti mawu ankalowa m'khutu kapena m'maso n'kutulukira ku zala osaima paliponse. Ndinkatha kutayipa mndandanda wa mayina masamba atatu, wina akandifunsa dzina limodzi lokha ndinkangoti kukamwa yasa. Ndinkaliona ngati luso, ndipo linandisungadi, chifukwa nthawi imeneyo mndandanda wa mayina unali chinthu choopsa.

Makina aja ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndimawasowa. Anali achilungamo. Chimene walemba chinkakhala pomwepo. Ukalakwitsa pamzere wapamwamba unkangobweza pepala, kupaka mankhwala oyera, kuuzira, n'kulembanso, mawu ena onse ali phee kukudikira. Dzanja langa linazolowera kubwerera m'mbuyo mopanda mantha. Bambo anu atasamutsidwa kukaphunzitsa pa boma, ndinagwira ntchito m'maofesi ena awiri, ndipo konseko ndinkayenda ndi chizolowezi chomwecho.

Chaka chachisanu cha zipani zambiri, pa boma

Zipani zitachuluka anthu anayamba kulankhula. Poyamba ankanong'ona akucheukacheuka, kenako anayamba m'mabasi, kenako paliponse, mpaka ena tinkalakalaka atapumako. Inali nthawi yokoma, ana anga. Tinalibe zambiri, koma m'mawa uliwonse unkadzuka ndi mtima woti chinachake chabwino chili m'njira. M'nyengo imeneyi m'pamene kunabwera bungwe lina lothandiza anthu kufufuza abale awo amene anathawa m'dziko kapena kusowa m'zaka zamantha zija. Ankafuna munthu wodziwa kutayipa msanga komanso wosayenda ndi nkhani za eni. Anandilemba ine, n'kunditumiza ku mzinda masiku atatu kukaphunzira kompyuta.

Ofesi yathu inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ndipo mphepo ikachokera kumeneko mapepala onse ankanunkha usipa. Bwana anali a Mhango, bambo wamtali wofatsa, wovala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala, woopa ofesi yaikulu kuposa china chilichonse. Kompyuta tinkaifunditsa chitenje poopa fumbi. Kuti ilumikizane ndi intaneti inkadzera pa waya wa lamya, ndipo isanagwire inkayamba yalira mokhadzula, anthu a pabenchi panja n'kumafunsana ngati yadwala. Magetsi akazima tinkangokhala, kukazinga mtedza n'kumacheza. Masiku ena lamya inkafa sabata yathunthu.

Ntchito yanga inali kudzaza fomu ya pa intaneti. Inali ya masamba asanu, ndipo tsamba lililonse linali ndi timabokosi tolembamo. Loyamba linkafuna dzina la wofunsa, mudzi wake ndi ubale wake ndi munthu wosowayo. Lachiwiri linali la wosowayo, mayina ake onse ndi zipsera. Lachitatu linkafunsa mmene anasowera, lachinayi kumene anamveka komaliza ndi anthu amene angamudziwe, ndipo lachisanu linali la uthenga wopita kwa iye ngati atapezeka. Ukamaliza unkadina batani lotumizira, zonse n'kupita ku ofesi yaikulu, imene inkagawira maofesi a m'mayiko oyandikana nafe.

Panali malamulo awiri amene a Mhango ankawasunga kolimba. Loyamba linali lakuti tisalembe kalikonse papepala. Anthu anali akadali ndi mantha, ndipo ambiri anaona abale awo akutengedwa chifukwa cha dzina lopezeka m'kabuku ka munthu. Mlendo aliyense a Mhango ankamuuza kuti, “Pano palibe pepala. Mawu anu akalowa m'makinamu apita, satsala m'nyumba muno.” Lachiwiri linali lakuti tisapite kunyumba kwa munthu amene wabwera kudzafunsa, kuopa kuti anansi angadziwe zimene mwini wake sanafune kuti zidziwike. Malamulo onsewa anali anzeru ndipo ndinkagwirizana nawo.

Pamwamba pa sikirini, chakumanzere, panali batani la kamuvi koloza m'mbuyo. Ku maphunziro kuja anatiuza mothamanga kuti pa fomu tisamalidine, koma anatiuzanso zinthu zina makumi angapo masana omwewo, kukutentha, titakhuta. Ndinagwira ntchito miyezi iwiri osalifuna batanilo, ndipo chenjezo lija linandichoka m'mutu.

Chilimwe cha chaka chomwecho

A Jafali anali telala wa pa Benga, bambo wachikulire wachisilamu, wovala kanzu, mkanjo wautali woyera wosita bwino, ndi magalasi okhuthala omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anabwera kawiri n'kungokhala pabenchi panja, nthawi yawo ikakwana n'kunyamuka kubwerera kwawo. Ulendo wachitatu, Lachiwiri lina m'mawa, analowa n'kukhala pampando wa patsogolo panga, kofia ili m'manja.

“Mwadzuka bwanji, bambo?”

“Ndadzuka, mayi, alihamudulilahi. Makina anuwa akuti amafika kutali?”

“Amafika. Mukufuna ndani?”

“Mnyamata wina, dzina lake Rajabu.”

“Ndi ndani wanu?”

Anayang'ana kofia yawo kanthawi. “Lembani kuti mwana wa mlongo wanga.”

Sindinadabwe. Kwathu kuno malume kufunafuna mwana wa mlongo wake ndi udindo wake, choncho ndinalemba n'kupitirira. Anafotokoza pang'onopang'ono, akuima, akupukuta magalasi. Rajabu anali mphunzitsi wachinyamata. Pa msonkhano wina anaimirira n'kufunsa chifukwa chimene ana opanda makadi a chipani ankabwezedwera kusukulu. Sabata isanathe anamva kuti akumufuna, ndipo asodzi ena anamuwolotsa nyanja. Kuyambira pamenepo zinali zitapita zaka pafupifupi makumi awiri. Pofika tsamba lachinayi a Jafali anatulutsa zonse zimene anatola m'zaka zimenezi kwa oyendetsa malole ndi amalonda odutsa pa Benga: dzina lina limene ankati Rajabu anatenga kutsidyako, tauni ya padoko kumene wina anamuona, dzina la msewu, dzina la mwini sitolo amene ankamusunga, ndi mayina a anthu ena atatu. Ambiri anali mayina a Chiswahili. Ankawatchula mosamala limodzilimodzi, ndipo zala zanga zinkathamanga monga mwa masiku onse. Tinatha maola awiri ndi theka.

Titatsala pang'ono kumaliza tsamba limenelo anandiimitsa. Kenako anafunsa kuti, “Mayi, poyamba paja mwalemba kuti ndine ndani wake?”

“Malume ake.”

“Fufutani. Ndi mwana wanga, wobereka ndekha.”

Ndinachotsa manja pa makina. Iwo anapitiriza akuyang'ana pansi. “Atathawa, a chipani anandiimika pabwalo, anthu onse a pa Benga ali pomwepo. Anandifunsa ngati Rajabu ndi mwana wanga. Kunyumba ndinali ndi ana ena asanu. Ndinati ndilibe mwana wa dzina limenelo. Anandiuza kuti ndinene mokweza, ndinanena mokweza. Ndipo ndinamva kuti mawuwo anamupeza kumene anali. Amayi ake anamwalira asanandikhululukire. Chichokere tsiku limenelo pakamwa panga sipanatulukenso mawu oti mwana wanga Rajabu, mpaka lero lino.”

Misozi inkatsikira m'ndevu zawo, ndipo nanenso maso anga anali atadzaza. Ndinkafuna kuwakonzera msanga, kuti aone ndi maso awo mawu oti bambo atalowa pamalo pa malume. Dzanja langa linachita zimene linkachita kwa zaka makumi awiri. Ndinadina kamuvi kaja katatu motsatizana kuti ndifike tsamba loyamba.

Tsamba linabwera lili mbee. Timabokosi tonse tinali topanda kanthu. Ndinadina kopita kutsogolo, lachiwiri lili mbee, lachitatu chimodzimodzi, lachinayi chimodzimodzi. A Jafali sankatha kuona sikirini bwinobwino, anangomva kuti kugogoda kwasiya.

“Mwakonza, mayi?”

Apa m'pamene ndikufuna mumvetse, ana anga, chifukwa ndi tsiku limene ndimachita nalo manyazi kuposa masiku onse a ntchito yanga. Ndinayang'ana nkhope ya bambo uja, yonyowa, yopepukidwa, ndipo mphamvu yowauza kuti ayambirenso ndinalibe. Ndinati, “Ndakonza, bambo.”

“Uthenga ndilibe. Akangodziwa kuti ndinamufunafuna, basi,” anatero a Jafali.

Ndinagogoda mabatani pang'ono kuti amve phokoso. “Zapita,” ndinatero.

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, anandidalitsa, anavala kofia n'kutuluka. Ndinawaonera pawindo akulowera kokwerera matola, akuyenda ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Nthawi yomweyo ndinatsegula fomu ina kuti ndilembe zimene ndinkakumbukira. Nkhani ya pabwalo inali m'mutu yonse, chifukwa imeneyo ndinaimva manja ali pamwendo. Koma mayina aja, tauni, msewu, mwini sitolo, dzina latsopano la Rajabu, zonse zinali zitadutsa m'khutu kupita ku zala monga ndinadziphunzitsira ku Dwangwa. Ndinkangokumbukira kuti dzina limodzi linkayamba ndi “M”. Popanda zimenezo fomu ija inali yofufuza mnyamata wina dzina lake Rajabu m'dziko lodzaza ndi a Rajabu.

Ndinawauza a Mhango zonse. Anamasula tayi pang'ono, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kunena kuti, “Lembani zimene mukukumbukirazo, titumize. Mukudziwa nokha kuti mafomu ambiri sabwera ndi yankho. Mkuluyo sadzadziwa, ndipo mtima wake uli kale m'malo.”

“Ndiye adikire yankho la kalata imene sinapite?”

“Nanga mukufuna titani?”

“Ndipite ku Benga ndikawauze.”

“Ayi, Mayi Nabanda. Lamulo mukulidziwa. Mukakafika pakhomo pawo anthu adzafunsa chimene mayi wa ku ofesi ya osowa akufuna. Ndiponso zikamveka kuti makina athu amataya mawu a anthu, benchi ija ikhala yopanda munthu. Mukapita, ine ndilembera ku ofesi yaikulu, ndipo sindingathe kukutetezani.”

Mukudziwa kuti amayi anu pakamwa sachedwa. Ndinawauza kuti tayi yawo ikuwafinya mpaka mumtima. Anangomangitsanso tayiyo n'kubwerera pa tebulo lawo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Zoona zake n'zakuti sankalakwitsa. Amene ananama ndinali ine, ndipo ntchito imene ndinkaika pachiswe ndi imene inkakuphunzitsani inu nonse anayi. Masiku atatu ndinkangodzuma. Bambo anu anandifunsa chimene chavuta, ndipo nditawafotokozera anangoti, “Iwe ndimakudziwa, wapita kale. Chatsala n'kukwera galimoto.”

Loweruka lotsatira, pa Benga

Ndinatenga nsalu imene ndinkasungira Khirisimasi kuti anthu aone ngati ndapita kukasoketsa diresi, n'kukwera matola. A Jafali ankasokera pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu. Pafupi panali abambo akusewera bawo ndi amayi ogulitsa mpunga m'mabeseni. Atandizindikira nkhope yawo inawala, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza kuti ndabwera ndi yankho. Ndinafulumira kuwapatsa nsalu ija. Anamvetsa, anaimirira, anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kundiyeza mapewa.

Ndinalankhula chapansipansi, nditawafulatira. “Bambo, ndinakunamizani. Mawu anu sanapite. Pamene ndinkabwerera kuti ndikonze paja, makina anafufuta zonse. Ndinachita mantha kukuuzani.”

Tepi inaima pamsana panga. Kenako anapitiriza, anayeza mkono, analemba m'buku lawo, anayeza chiuno, analembanso. Atamaliza anakhala pampando.

“Ndiye kugogoda kuja munkangogogoda?”

“Ndinkangogogoda.”

“Dzulo ndinapita ku mzikiti kukathokoza. Masiku anayi awa ndadya bwino, ana mpaka kudabwa.” Anavula magalasi n'kuwaika pa makina osokera. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, ndipo ndikanaona kuti n'zondiyenera. Patapita nthawi anati, “Bodza la mantha ndimalidziwa, mayi. Lanu latha masiku anayi. Langa mukudziwa zaka zake. Khalani pansi.”

Anatsegula buku la miyeso, anang'amba masamba awiri a kumapeto, n'kundipatsa pamodzi ndi pensulo ya kukhutu kwawo.

“Bambo, ife sitiloledwa kulemba papepala. N'zotetezera inu nomwe.”

“Kunditeteza kwa ndani? Pepalalo ndi langa, pensulo ndi yanga, mwana ndi wanga. Lembani.”

Mawu otsirizawo anawanena mokweza, ndipo sanatsitsenso. Anayamba kuchokera pachiyambi, ndi liwu limene munthu amaitanira mnzake kutsidya kwa msewu. “Dzina langa Jafali. Ndikufuna mwana wanga Rajabu, woyamba kubadwa.” Abambo a bawo aja anasiya kusewera. Mayi wina anatula beseni n'kuyandikira. Ena mwa anthu amenewo anali achikulire, ndipo ndinaona pankhope zawo kuti analipo pabwalo tsiku lija. Ine ndinkalemba, ndipo ulendo uno dzina lililonse ndinkalibwereza pakamwa mpaka iwo atavomera ndi mutu. Pa dzina la mwini sitolo, mkulu wina wa pa bawo anatsokomola n'kunena kuti, “Ameneyo anasamuka, Jafali. Mlamu wanga woyendetsa lole akuti sitolo yake tsopano ili pafupi ndi siteshoni.” A Jafali anamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa zinaoneka kuti munthuyo ankadziwa kalekale koma sankayerekeza kuyambitsa nkhaniyo. Anangoti, “Lembani zimenezonso, mayi.”

Titafika pa uthenga ndinafunsa ngati ndisiye popanda kanthu monga ananenera ku ofesi.

“Ayi. Tsiku lija ndinali ndi manyazi. Lembani kuti: Rajabu, ndinanama pabwalo. Mwana ndili naye. Ndanena lero pa Benga pomwe pano, anthu akumva. Maso anga akutha, koma makina ndikupalasabe.”

Lolemba ndinaika mapepala aja pa tebulo la a Mhango, pamodzi ndi makiyi a ofesi kuti asavutike kundilanda. Anawerenga masamba onse awiri ataimirira. Kenako anakoka mpando n'kukhala pambali panga. “Tsegulani makina,” anatero. “Ine ndiziwerenga, inu muzilemba. Ndipo dzanja lanulo likayandikira kamuvi kaja ndilimenya ndi rula.” Tinatumiza fomuyo isanakwane teni koloko. Masana anandilembera kalata ya chenjezo, kope lake lopita ku ofesi yaikulu monga analonjezera, ndipo popeza wotayipa mu ofesimo ndinali ine ndekha, ndinaitayipa ndekha n'kuwakonzeranso chizungu chawo pawiri. Makiyi anandibwezera.

Nyengo ya mvula

Ndinalembanso kalata ina, yopita kwa amene anapanga fomu ija, ndipo a Mhango anasayina pansi pa dzina langa. Ndinawauza kuti fomu yawo inapangidwira anthu amene amayamba ndi mfundo. Kwathu kuno munthu amayamba wazungulira, amayamba wakuyesa ngati ndiwe munthu, ndipo choona chenicheni amachitulutsa kumapeto, nthawi zambiri atagwira kale chitseko. Wolemba ayenera kutha kubwerera n'kukapeza mawu ali pomwe anawasiya. Anayankha mtsikana wina wa ku ofesi yaikulu, mwaulemu ndithu. Anati kufufutako anachita dala, poopa kuti mlendo wotsatira angadine kamuvi n'kuwerenga zinsinsi za mnzake. Ndinaona kuti nayenso anali ndi nzeru zake. Tinalemberana kangapo, mpaka anapeza njira yapakati, yakuti mawu azikhala m'timabokosi ngakhale ubwerere kangati, koma ukangotumiza kapena kutseka fomu, azifufutika onse. Tsiku limene anakonza ndinalemba dzina langa n'kumadina kumbuyo ndi kutsogolo mwina kakhumi, a Mhango ataima kumbuyo kwanga akuseka. Zitatero ndinkabwerera pa tsamba loyamba pafupifupi sabata iliyonse, kusintha mlamu kukhala mwamuna, mnansi kukhala mchimwene.

A Jafali ankabwera Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse. Sankafunsa kanthu. Ankangosuzumira pakhomo, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kunena kuti, “Insha Allah,” n'kubwerera. Ulendo uliwonse ndinkaona kuti akuyenda mopapasa kuposa mwezi wapitawo. Mwezi wa Febuluwale sanabwere, ndipo ndinada nkhawa kwambiri.

Yankho linafika kumayambiriro kwa Malichi, mvula ikugwa. Ofesi ya kutsidya inalemba kuti munthuyo apezeka kudzera mwa mwini sitolo wa pafupi ndi siteshoni, kuti amuwerengera uthenga, ndipo kuti wapereka yankho lake. Koma nditatsegula yankholo mtima wanga unagwa. Munalibe moni, munalibe dzina, munalibe mawu oti bambo. Munali timawu tinayi ndi manambala basi. Ndinaganiza kuti makina adyanso mawu ena, ndipo ndinawaitana a Mhango kuti tilembe kalata yodandaula. Iwo anawerenga, anakopera papepala ndi dzanja lawo, n'kulipinda bwinobwino. “Izi si zathu kuti tizimasulire,” anatero. “Tengani ambulera, pitani ku Benga. Akakufunsani a ku ofesi yaikulu, mwatumidwa ndi ine.”

Ndinawapeza a Jafali pakhonde pomwe paja, atafunda jekete, makina atavundikira. Anali atadwala malungo ndipo anali ataonda. Ndinawauza kuti mwana wawo ali moyo. Anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kutseka maso, milomo ikuyenda. Atatsegula anafunsa kuti, “Wanena chiyani?”

“Bambo, musakhumudwe. Mwina uthengawu wafika woduka. Palibe moni, palibe chilichonse.”

“Werengani momwemo.”

Ndinawerenga. “Khosi, sikisitini ndi hafu. Chifuwa, fote thuu. Mkono, twente faifi. Kutalika, fifite sikisi.”

Mvula inkagogoda pamalata. A Jafali anati ndibwereze, ndipo ndikubwereza zala zawo zinkayenda pa tepi ya m'khosi mwawo, kuima pa nambala iliyonse.

“Wanenepa,” anatero. “Anachoka kuno khosi lili fotini. Ndiye kuti akudya.” Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo sanabise nkhope. Atapuma anavundukula makina, anawerama n'kutulutsa m'bokosi mpukutu wa nsalu yoyera.

“Koma bambo, sananene ngati wakukhululukirani, kapena ngati abwera.”

“Mayi, inu mumadziwa makina anu, ine ndimadziwa anga. Iyi ndi miyeso ya kanzu. Mwana ameneyu anakulira pansi pa tebulo ili, akudziwa kuti ine kanzu sinditumiza. Mpendero ndimapinda mwini wake ataivala, ataima apa patsogolo panga.”

Anapapasa patebulo mpaka anapeza sizasi, n'kundipatsa nsonga ya nsalu ija.

“Gwirani apo, mukoke bwino. Maso angawa sakuonanso mzere, ndiye muzindiuza ndikayamba kukhota.”